Retinoid ndi jakisoni wa filler: nkhope ikatupa, ikasupuka kapena ikada, vuto lachokera kuti?

Munthu wa ku Kasungu akafuna kubayitsa filler pankhope (mankhwala obayidwa pansi pa khungu kuti adzaze makwinya, masaya kapena milomo), kawirikawiri ulendo wake umakhala wa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, ndipo amabwerako tsiku lomwelo. Akafika kunyumba, chubu cha tretinoin kapena adapalene, mafuta a ziphuphu ndi makwinya a gulu lotchedwa retinoid, chili pomwe anachisiya. Apaka usiku womwewo, kapena adikira masiku awiri, kenako nkhope yayamba zachilendo: pena pafiira, pena patupa, pakamwa pakusupuka. Funso limakhala lomwelomwelo: ndi mafutawa kapena ndi jakisoni? Yankho lake ndi lofunika kwambiri, chifukwa vuto la mafuta limatha ndi kupuma masiku ochepa, pomwe mavuto ena a jakisoni safuna n'komwe kuti kuche.

Tiyambe ndi chimene chimasokoneza ambiri. Retinoid wopaka sasungunula filler. Tretinoin, adapalene, tazarotene ndi retinol onse ndi a mtundu wa vitamini A, ndipo amagwira ntchito pamwamba pa khungu ndi kagawo kochepa kotsatira: amafulumizitsa kusinthana kwa khungu lakale ndi latsopano, amatsegula timabowo totsekeka tomwe timayambitsa ziphuphu, ndipo pakapita miyezi amathandiza khungu kupanga collagen, timaulusi tomwe timalimbitsa khungu. Filler amaikidwa mozama, m'munsi mwa khungu, m'mafuta, kapena pamwamba pa fupa lenilenilo ngati ndi pa masaya kapena pachibwano. Awiriwa sakumana. Chimene retinoid amachita ndi kufooketsa kansalu kapamwamba koteteza khungu, makamaka masabata 2 mpaka 6 oyambirira. Khungu lotere limalowa tizilombo msanga, limawawa akalipukuta ndi mankhwala ophera tizilombo asanabaye, limachedwa kuzizira, ndipo choopsa kwambiri, limabisa zizindikiro zomwe dokotala ndi inu mukanaona mwamsanga.

Zizindikiro zosafuna kudikira

Izi tikuziika patsogolo dala. Filler akalowa mu mtsempha wa magazi kapena kuupanikiza, chigawo cha khungu chomwe mtsemphawo umadyetsa chimasowa magazi. Retinoid sachita zimenezi, ndipo musalole aliyense akuuzeni pa foni kuti "ndi mafuta anu aja" asanaone.

Ululu wake umaposa wa singano, umakula m'malo mochepa, ndipo nthawi zina umamveka patali ndi pomwe anabaya: abaya mu mzere wochokera pamphuno kupita pakamwa, koma kukupweteka ndi kunsonga kwa mphuno. Dziwani kuti ma filler ambiri amabwera osakaniza ndi lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, kotero ululu ukhoza kubisika maola oyamba. Mabuku ambiri amati khungu limayera, koma pa khungu lakuda kuyerako sikuoneka bwino. Yang'anani malo otuwa ngati phulusa, ozizira mukawakhudza, kapena a mawanga akudakuda olukana ngati ukonde. Dinani ndi chala masekondi 5, chotsani, muyerekeze ndi mbali ina ya nkhope: mtundu uyenera kubwerera pasanathe masekondi 2. Ngati anabaya milomo, pindani mlomo muone mkati mwake pa galasi, pamalo owala. Mkatimo mumaonetsa bwino kusowa kwa magazi kuposa kunja.

Msampha waukulu kwa ogwiritsa ntchito retinoid uli pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi. Khungu losowa magazi limayamba kutulutsa timatuza kapena tiziphuphu ta mafinya toyandikana. Munthu amene anazolowera kuti retinoid amatulutsa ziphuphu poyamba amangoti zithera zokha. Sizithera zokha. Ziphuphu za retinoid zimatuluka m'malo omwe mumakhala ndi ziphuphu kale, mbali zonse za nkhope, pa khungu la mtundu wake wa nthawi zonse. Izi zimatuluka mbali imodzi, motsatira mzere, pa khungu lomwe lasintha mtundu ndipo likupweteka.

Mankhwala a vuto la khungu losowa magazili, ngati filler ndi wa mtundu wa hyaluronic acid monga Juvéderm, Restylane kapena Belotero, ndi jakisoni wa hyaluronidase, wosungunula filler, wobayidwa wambiri komanso mobwereza mpaka magazi ayambe kuyenda. Akabayidwa m'maola oyamba khungu kawirikawiri limapulumuka. Akachedwa masiku limafa n'kusiya chipsera. Imbirani amene anakubayani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo nyamukani. Musaike madzi oundana pamalopo, chifukwa kuzizira kumafinya mitsempha. Kansalu kofunda ndiko koyenera panjira. Diso likachita chidima, likamaona zinthu ziwiriziwiri, chikope chikagwa, kapena mutu ukawawa koopsa pamodzi ndi kufooka kwa dzanja kapena kuvutika kulankhula, thamangirani ku chipatala cha boma cha Kasungu chomwe muli nacho pafupi, nenani momveka kuti mwabayidwa filler, malo ake ndi nthawi yake, kuti akutumizeni ku Kamuzu Central ngati pakufunika. Pa diso nthawi imawerengedwa ndi mphindi.

N'chifukwa chake timalangiza kuti wochokera kutali abayitse m'mawa, akhale kaye mu mzinda maola angapo, ndipo ngati n'kotheka agone komweko usiku woyamba. Funsaninso musanakhale pampando: "Hyaluronidase muli naye pano?" Akazengereza kuyankha, dzukani. Mankhwalawa musaganize kuti mukawapeza pa chipatala chilichonse.

Nkhope ikuyaka, ikusupuka, mafuta alionse akuluma

Ili ndiye vuto lofala, ndipo gwero lake limakhala kubwerera ku retinoid msanga kapena ndi mphamvu yomwe munasiyira. Khungu limauma, limachita mamba oyera m'mbali mwa mphuno, pakamwa ndi pachibwano, limayabwa, ndipo mukasamba limaluma. Limachita mbali zonse ziwiri mofanana, mpaka pamalo omwe singano sinafike. Ululu wake ndi wapamwamba, ngati mwapsa ndi dzuwa. Mukadina mkati simumva kanthu.

Siyani retinoid masiku 5 mpaka 7. Sambani kawiri pa tsiku ndi madzi ofunda pang'ono, ndi manja okha. Chinkhupule, sopo wochapira zovala, mandimu, soda ndi zokhula zonse zikhale kutali ndi nkhope. Pakani mafuta ofewetsa khungu opanda fungo m'mawa ndi madzulo, ndipo pomwe pang'ambika pakani Vaseline pang'ono. M'miyezi ya June ndi July, mphepo yozizira ndi youma ya kuno imawonjezera vutoli, kotero masiku opumawo akhoza kufika 10.

Pobwerera, yambani ngati woyamba kumene. Sambani, dikirani mphindi 20 mpaka 30 kuti nkhope iumiretu, chifukwa khungu lonyowa limamwa mankhwala ambiri n'kuyaka. Finyani kadontho kofanana ndi njere imodzi ya khobwe. Kamenekako n'ka nkhope yonse, osati tsaya limodzi. Kagaweni pachipumi, m'masaya ndi pachibwano, n'kukafalitsa mopepuka osadina pomwe pali filler. M'ngodya za pakamwa, m'mbali mwa mphuno ndi m'zikope tsekanimo kaye ndi Vaseline. Pakani usiku umodzi, mupume awiri, kwa masabata awiri. Kenako usiku umodzi mupume umodzi. Tsiku lililonse mufikepo pokhapokha khungu likalola. Amene khungu lawo silichedwa kukwiya apake mafuta ofewetsa kaye, kenako retinoid, kenako mafuta ofewetsa kachiwiri. Ngati munali pa tretinoin 0.05% kapena 0.1% ndipo zikubwerezabwereza, pemphani dokotala akutsitsireni pa 0.025% kapena akusinthireni ku adapalene 0.1%, yemwe saluma kwambiri. Benzoyl peroxide, mankhwala ena opaka a ziphuphu, musamupake nthawi imodzi ndi tretinoin wamba, chifukwa amamuwononga komanso onse awiri amaumitsa khungu. Mmodzi m'mawa, wina usiku, ndipo masiku oyamba mutabayitsa onse apume.

Za masiku oyenera kusiya ndi kuyambiranso, madokotala amasiyana pang'ono, ndipo mawu a amene akukubayani ndi omwe muyenera kutsatira. Ife timaona kuti ndi bwino kusiya retinol kapena adapalene masiku 3 musanabayitse, tretinoin ndi tazarotene masiku 5 mpaka 7. Mutabayitsa, dikirani masiku osachepera 2, ndipo sabata yathunthu ngati anabaya milomo, pansi pa maso, kapena ngati pali mikwingwirima ndi kutupa. Koma kalendala isakunyengeni. Muyeso weniweni ndi khungu: ngati tsiku lobayitsa likadali losupuka, lofiira, kapena pali chiphuphu cha mafinya pomwe singano idutse, sinthani tsiku, ngakhale mwalipira kale minibasi. Singano yodutsa pa chiphuphu imanyamula tizilombo n'kukatisiya mkati mwa filler, momwe mankhwala amavutika kufika.

Mafuta omwe simukudziwa kuti muli retinoid

Pali anthu amene amalumbira kuti sagwiritsa ntchito retinoid, koma nkhope ikuonetsa zonse. Chinsinsi chimakhala mu timachubu toyeretsa khungu togulitsidwa pamsika ndi m'masaluni. Tambiri timasakaniza zinthu zitatu: hydroquinone woyeretsa khungu, tretinoin ndi steroid (mankhwala oziziritsa kutupa ndi kuyabwa) monga mometasone. Tina timakhala ndi steroid yekha, clobetasol kapena betamethasone. Werengani tizilembo tating'ono pa katoni, ndipo tengani chilichonse chomwe mumapaka mukamuonetse wobaya.

Apa ngozi imachokera kwambiri kwa steroid. Akapakidwa miyezi amapyapyalitsa khungu, timitsempha timaonekera, chitetezo cha pamalopo chimachepa, mabala amachedwa kupola. Khungu lotere limachita mikwingwirima ikuluikulu ndi singano yaing'ono, ndipo filler woikidwa pafupi ndi pamwamba amaonekera ngati mzere. Kusiya steroid mwadzidzidzi kumayatsanso nkhope kwa masabata. Choncho kupuma masiku 3 sikukwanira. Pamafunika kusiya pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala, khungu libwerere, filler abwere pambuyo. Ndipo nkhope ikatupa mutabayitsa, musathamangire kachubu komweko kuti kaziziritse: kamabisa matenda pomwe akukula.

Kutupa ndi zotupa

Kutupa kwa masiku 2 mpaka 3 oyamba n'koyembekezeka, makamaka milomo, ndipo kumakula m'mawa. Gonani chagada mutu uli pamwamba, ikani kansalu kozizira mphindi 10 nthawi ndi nthawi ngati mtundu wa khungu uli bwinobwino, ndipo kwa masiku awiri pewani mowa, ntchito yolemetsa, dzuwa la masana ndi kuweramira pa mbaula kapena pamoto wa nkhuni. Pa ululu imwani paracetamol. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac amawonjezera mikwingwirima, kotero ambiri amalangizidwa kuwapewa sabata imodzi asanabayitse. Koma ngati aspirin kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi anakulemberani dokotala chifukwa cha mtima kapena sitiroko, musasiye nokha.

Timibulu tofewa, tosapweteka, tomveka ndi chala m'masabata awiri oyamba, kawirikawiri ndi filler yemwe sanakhazikike. Musatikande pokhapokha wobaya atakuuzani. Sculptra yekha, filler wa mtundu wina wa poly-L-lactic acid, ndiye amene mwachizolowezi amafuna kusisita mphindi 5, kasanu pa tsiku, masiku 5. Ndipo kusisita khungu losupuka ndi retinoid kumalinyula, chifukwa china chodikira masiku asanuwo athe musanayambirenso. Sculptra ndi filler wina wotchedwa Radiesse sasungunuka ndi hyaluronidase, choncho dziwani dzina la chomwe chili m'nkhope mwanu. Pemphani kapepala komata ka pa katoni kokhala ndi dzina ndi nambala ya gulu lake, mukajambule pa foni.

Chotupa chotentha, chofiira kapena chakuda kuposa khungu lozungulira, chopweteka mkati ndipo chikukula kuyambira tsiku lachitatu kupita mtsogolo, mwina ndi kutentha thupi, ndi matenda a tizilombo. Chimafuna kuonedwa tsiku lomwelo, mankhwala opha tizilombo, ndipo nthawi zina kuchotsa mafinya ndi kusungunula filler. Musachifinye, ndipo musapakepo retinoid poganiza kuti ndi chiphuphu chachikulu.

Palinso kutupa kobwera mochedwa, patapita masabata kapena miyezi, pomwe panali bwinobwino: malo onse omwe anabayidwa amauma n'kutupa nthawi imodzi. Kumakonda kutsatira chimfine kapena matenda ena otenthetsa thupi, kuzulitsa kapena kutsukitsa mano, kapena katemera. Retinoid amanamiziridwa kwambiri apa chifukwa ndiye chinthu chomwe munthu akupaka tsiku ndi tsiku, koma kusiya mafuta sikuchotsa chotupa chomwe chili mozama. Bwererani kwa wobaya. Ndipo konzani kuti za mano zitalikirane ndi jakisoni ndi masabata osachepera awiri, mbali zonse; mukadwala malungo kapena chimfine, sinthani tsiku lobayitsa.

Timatuza toyandikana pamlomo, toyamba ndi kunyerenyetsa kapena kuyaka tsiku loyamba mpaka lachitatu, tingakhale herpes yodzutsidwa ndi singano. Amene amatuluka zilonda za pamlomo nthawi ndi nthawi anene asanabayitse, kuti apatsidwe aciclovir woyamba kumwa tsikulo lisanafike. Popeza timatuzati timafanana ndi ta kusowa kwa magazi, musagamule nokha. Jambulani pamalo owala, tumizani, ndipo ngati mtundu wa khungu wasintha pitani.

Mawanga akuda pomwe panadutsa singano

Khungu lathu likakwiya limayankha ndi kuda. Pabala lililonse, ngakhale la singano, likhoza kusiya kadontho komwe kamatenga miyezi kuti kafufutike, ndipo kupaka retinoid pa khungu lomwe lidakali lokwiya kumangowonjezera moto. Chodabwitsa n'chakuti retinoid yemweyo ndi mmodzi mwa mankhwala abwino ochotsera mawangawa, bola adikire khungu lizizire. Zotsatira zimayamba kuoneka pakatha masabata 8 mpaka 12. Kuwonjezera muyeso sikufulumizitsa, kumangodetsa.

Chimene chimagamula nkhaniyi ndi dzuwa. Kuyambira September mpaka mvula itagwa, dzuwa la ku Kasungu silisewera, ndipo amene amayenda pa kabaza, kugulitsa pamsika kapena kuyendera minda ya fodya ndi mtedza amalilandira lonse kumaso. Pakani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa m'mawa uliwonse, muyeso wa mizere iwiri pa zala ziwiri kuti ukwane nkhope ndi khosi, ndipo bwerezani pakatha maola awiri ngati muli panja mukutuluka thukuta. Chipewa cha mlomo waukulu kapena ambulera zimathandiza kwambiri. Amene akumwanso doxycycline wa ziphuphu asamale kawiri, chifukwa naye amachititsa khungu kupsa msanga. Mafuta opaka a azelaic acid a 15% kapena 20% angathandize pa mawanga m'masiku omwe simukupaka retinoid.

Siyanitsani mawangawa ndi mthunzi wotuwa kapena wobiriwira pansi pa maso, wotukuka pang'ono, womwe sukusintha miyezi ikamapita. Umenewo ndi filler woikidwa pafupi kwambiri ndi pamwamba, ndipo palibe mafuta angauchotse. Umafuna hyaluronidase pang'ono. Amene thupi lawo limachita zipsera zotukuka, monga zija zimamera pakhutu pobowola, anene asanabayitse.

"Filler watha msanga, mafuta amudya"

Dandauloli limabwera pakatha masabata awiri kapena atatu. Chomwe chatha ndi kutupa. Chotsalacho ndiye filler weniweni. Sirinji imodzi imakhala ndi mililita 1, gawo limodzi mwa magawo asanu a supuni yaing'ono ya tiyi, kotero kusintha kwake n'kochepa kuposa momwe nkhope yotupa inkaonekera tsiku loyamba. Khungu louma ndi retinoid limaonetsanso timakwinya tating'ono kwambiri, munthu n'kumaona ngati wabwerera pakale; lifewetseni sabata imodzi muone. Filler wa hyaluronic acid amakhala miyezi 6 mpaka 18 kutengera mtundu wake ndi malo. Pa milomo, yomwe imayenda tsiku lonse, amatha msanga kuposa pa masaya. Jambulani musanabayitse, patatha masabata awiri, ndi patatha miyezi itatu, pamalo amodzi ndi kuwala kofanana, ndipo musawonjezere filler wina masabata awiri asanathe.

Ngati watheratu m'masiku ochepa, kapena nkhope yauma ngati thabwa, kayikirani chomwe anakubayani. Sirinji iyenera kutsegulidwa pamaso panu kuchokera mu katoni yomata. Wobaya akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, kapena namwino wolembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi yemwe anaphunzira ntchitoyi. Mankhwala m'dziko muno amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Timakina tokhala ngati cholembera tomwe timawombera filler popanda singano, bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku United States, linachenjeza anthu mu 2021 kuti asatigwiritse ntchito. Silicone wamadzi sachoka akalowa. Saluni ndi ya tsitsi ndi zikhadabo. Ndipo muli komweko, musalole kuzula nsidze kapena tsitsi la pamlomo ndi phula ngati mukupaka retinoid, chifukwa phulalo limachoka ndi khungu.

Amene ayenera kuima kaye

Mayi woyembekezera, kapena amene akufuna kutenga pakati, asiye retinoid aliyense ndipo asabayitse filler; tazarotene ndi isotretinoin ndi oletsedwa kotheratu chifukwa cha ngozi yopundula mwana m'mimba. Woyamwitsa afunse kaye dokotala pa zonse ziwiri. Isotretinoin, retinoid wakumwa, si wofanana ndi wopaka: amaumitsa khungu ndi milomo mpaka kung'ambika, ndipo kupuma masiku atatu sikusintha kanthu. Nenani kuti mukumwa kapena munasiya liti, dokotala agamule nthawi yobayira. Amene ali ndi shuga wosakhazikika, kapena chitetezo cha m'thupi chotsika, akonze kaye zimenezo. Kumwa ma ARV pakokha sikuletsa, ndipo Sculptra anavomerezedwa koyamba ku United States mu 2004 pothandiza anthu omwe ali ndi HIV amene masaya awo analowa. Chofunika ndi kunena zoona za mankhwala onse omwe mukumwa.

Ngati mukukonzekera chinkhoswe kapena ukwati, werengani chobwerera m'mbuyo. Filler abayidwe masabata osachepera 4 tsikulo lisanafike, kuti pakhale mpata wokaonedwanso pa sabata yachiwiri ndi kukonza chomwe chapendekeka. Retinoid watsopano musamuyambe m'miyezi itatu yomaliza. Ngati munamuzolowera kale, mupumitseni masiku 3 mpaka 5 tsikulo lisanafike kuti zodzoladzola zisakakamire pa mamba. Chubu chisungeni chotseka, m'kabati mopanda dzuwa, osati pawindo kapena m'galimoto, chifukwa kuwala ndi kutentha kwa October zimafooketsa tretinoin.